Mboni pa Imfa ya Telala

“Nsomba zimenezi ine sindiphika,” anatero Annie uku akukankhira kadengu pakhomo ndi phazi. “Ngati mukuzifuna, kolezani moto nokha, mudyenso nokha. Mwana wanga Marjorie salawa.”

Friday, mwamuna wake, anali atangovula jekete yoyera ya udalaivala n'kuikoloweka pa msomali. Anamupempha kuti atsitse mawu, chifukwa kanyumba kawo kanali kuseri kwa nyumba ya Bwana Tindall ku Sunnyside, ndipo zolankhulidwa kumeneko zinkafika bwinobwino pa zenera la kukhitchini. Anati nsomba zilibe mlandu. Anatinso kukana mphatso ya mayi wamasiye ndi chipongwe, makamaka mayi wa kwawo, wochokera ku Port Herald, kumunsi kwa mtsinje wa Shire, ngati iwo omwe.

“Chipongwe ndi chiti?” anafunsa Annie. Mawu anatsitsadi, koma mkwiyo unali pomwepo. “Salome wayenda wapansi kuchokera ku Ndirande, mwana kumsana, kudzathokoza munthu amene anakauza apolisi kuti mwamuna wake anali ataledzera. Wagwada apa, pamene mwaimapo, akuthokoza m'Chisena chathu, takhuta, takhuta. Ine ndinasowa koyang'ana. Inu munali kuti, bambo a Marjorie?”

Friday anali atabisala. Anamuona Salome akulowa pa geti la antchito masana aja, ndipo anagwada kuseri kwa galimoto m'garaja ngati akupima tayala, mpaka mayiyo anapita.

Zinachitika Loweruka lina mwezi womwewo. Bwana Tindall anatuma Friday ku Limbe kukatenga mwana wawo Roger, mnyamata wamkulu kale amene anabwera kutchuthi kuchokera ku Salisbury. Roger anali atacheza ndi anzake tsiku lonse. Ataona galimoto yatsopano ya bambo ake anatambasula dzanja kufuna makiyi, ndipo Friday anasunthira pa mpando wa kumanzere. Msewu wa pakati pa Limbe ndi Blantyre unali wa phula losalala, ndiye mnyamatayo anafuna kuona pamene singano ya liwiro ingalekezere. Friday anamuuza kuti achepetse, Roger anangoseka. Cha ku Chichiri anayamba kupitirira lole, kenaka anaona basi ikubwera kutsogolo, nakhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi kubwerera kumanzere. M'mphepete mwenimweni mwa msewu munali munthu akupalasa njinga, kamtolo kali kumbuyo.

Galimoto inakaima kutali. Friday anathamanga kubwerera, ndipo chimene anayamba kuona ndi ulusi. Mpukutu wa ulusi woyera unagwa m'kamtolo kaja n'kugubuduka, kusiya mzere wautali pa phula kuchokera pamene panagona njinga kukafika pamene panagona mwini wake. Atamutembenuza anapeza kuti ndi Lucius, mwamuna wa Salome, telala amene ankasoka pa khonde la sitolo ya Mmwenye ku Limbe, munthu wa mpingo wawo, woimba besi m'kwaya. Roger anali atagwada m'udzu akusanza. Friday ndiye ananyamula Lucius, kumugoneka pa mpando wakumbuyo, n'kuyendetsa yekha mpaka kuchipatala. Anafika naye atatsirizika kale. Zimenezi ndi zimene anthu a mpingo anamva, ndipo nchifukwa chake Salome ankathokoza.

Zimene sanamve ndi za m'mawa mwake. Bwana Tindall anamuitanira pa khonde lakumaso n'kumupatsa mpando, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Sanakalipe. Maso awo anali ofiira ngati a munthu amene sanagone. Anati Roger ndi mwana wawo yekhayo, ndipo mlandu wopha munthu ukhoza kumutsekera njira zonse. Anati womwalirayo sangadzuke ngakhale Roger atamangidwa. Kenaka anatchula za kanyumba, za sukulu ya Marjorie, ndi za pakati pa Annie, mofatsa, ngati munthu amene akungokumbutsa mnzake. Masana ake Friday anakauza mzungu wa kupolisi kuti galimoto inkayenda pang'onopang'ono, kuti wa njingayo ankayenda mokhotakhota n'kudzilowetsa yekha pakati pa msewu, ndiponso kuti ankanunkha mowa. Wapolisiyo analemba akumwa tiyi, Friday n'kusaina.

Tsopano, ataima pakhomo pafupi ndi kadengu, anayesa kumufotokozera mkazi wake zimene anali atamufotokozera kale. Akanapita kuti? Kumudzi madzi anasefukira chaka chimenecho, minda inapita. Dalaivala wochotsedwa ntchito ndi mzungu sakanalembedwanso ndi mzungu wina mu Blantyre monse, poti azunguwo ankauzana kukalabu. Iye sanagunde munthu. Iye ndi amene anayesetsa kumupulumutsa.

Annie anamusiya mpaka anamaliza.

“Ndiyankheni chimodzi chokha,” anatero. “Pamene munamunyamula Lucius, anali kununkha mowa?”

“Mukudziwa kuti sankamwa.”

“Ndafunsa kuti ankanunkha chiyani.”

Friday anayang'ana pansi. “Mafuta a makina osokera,” anatero. “Ndi sopo.”

Annie anatenga nsomba zija, milamba youma ya ku Shire yakuda bii ndi utsi, n'kuzipachika pa waya kudenga. Sanaphike, sanatayenso. Fungo lake linadzaza kanyumbako, linalowa m'bulangete, linalowa ndi m'jekete yoyera ija. Patapita masiku dona, mkazi wa bwana, anatsegula zenera la galimoto n'kufunsa ngati m'galimotomo mwafera chinthu. Tsiku lomwelo Friday anazipachula nsombazo n'kukapatsa akaidi amene ankatchetcha udzu m'mbali mwa msewu wa ku Sunnyside. Akaidiwo anawomba m'manja pothokoza, iye anachoka msangamsanga osacheuka.

Koma chinanso chinali chitayamba. Phazi lake lamanja linkaponda pansi lokha. Akakhala pa mpando n'kuiwala pang'ono, phazilo linkakankha nthaka mwamphamvu, monga linachitira tsiku lija pamene linkafuna buleki ku mbali imene kunalibe buleki. Poyamba Marjorie ankaseka, amvekere bambo akupha nyerere. Kenaka mwanayo anasiya kuseka, anayamba kukadyera panja. M'tchalitchi, kwaya ikafika pamene besi ya Lucius inkalowa, pamakhala malo opanda kanthu amene Friday yekha ankaoneka kuti akuwamva, ndipo phazi linkagunda benchi yakutsogolo mpaka anthu kucheuka.

Ulusi nawo unkamutsata. Ankaupeza pa mkono wa jekete, pa bondo la thalauza, tsiku lina m'kapu ya madzi. Annie ankati zovala zonse zimathothoka ulusi, palibe chachilendo. Iye ankavomera, koma ankautola ndi zala ziwiri n'kukautaya kutali.

Lachinayi lina akupita ndi dona ku Limbe kukagula zinthu, dzuwa lili paliwombo, anafika pa malo aja. Kutsogolo, m'mphepete mwa msewu, anaona msana wa munthu wa malaya oyera akupalasa njinga, kamtolo kali kumbuyo. Anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse. Matayala analira, chipewa cha dona chinagwa. Atayang'ananso, msewu unali mbee, phula likungonyezimira ndi kutentha. Dona anamuyang'ana nthawi yaitali pa kagalasi, koma sanafunse chilichonse, ndipo Friday anadziwa kuti nawonso akudziwa.

Lamulungu lotsatira, atatuluka m'mapemphero, a Peterson anamukokera pansi pa mtengo wa mango. A Peterson anali mkulu wa mpingo, ndiponso ankagwira ukalaliki kwa loya wina m'tauni. Anamuuza kuti anachonderera abwana awo kuti athandize Salome kupempha chipepeso ku kampani ya inshuwalansi ya galimotoyo. Makina amene Lucius ankasokera anali a mwini sitolo, ndipo anawapatsa kale telala wina. Salome anatsala ndi ana, wopanda munda, wopanda ntchito. Loyayo anavomera, koma anati zonse zidalira zimene majisitireti apeze pa tsiku lofufuza za imfayo. Akapeza kuti galimoto inkathamanga mopitirira, kampani ilipira. Akapeza kuti wolakwa anali wa njinga, nkhani yathera pomwepo. Wa lole uja sanapezeke, wa basi anati sanaone kanthu, ndipo apolisi ankakana kuonetsa zimene analemba mpaka tsiku la kukhoti.

“Chiyambire boma la Chitaganya ili, magalimoto achuluka ndipo anthu athu akutha m'misewu,” anatero a Peterson. “Nthawi zonse amati wolakwa ndi womwalirayo, poti sangayankhe. Koma ulendo uno Mulungu anaika munthu wathu m'kati mwa galimoto momwemo. Inu, achimwene, ndinu mboni yathu.”

Salome anali ataima chapatali, atavala zakuda, mutu wometa atauphimba ndi duku. Ataona kuti akumuyang'ana anapinda maondo pang'ono n'kuika dzanja pachifuwa. Friday anakweza dzanja lake, koma linamulemera ngati si lake.

Sabata yomweyo Bwana Tindall anamutengera Friday ku ofesi ya loya wa kampani ya inshuwalansi, m'chipinda cham'mwamba chokhala ndi chopemerera mphepo kudenga. Loyayo anali mzungu wamfupi, wansangala. Anamufunsa mafunso omwewo mobwerezabwereza mpaka mayankho anayamba kutuluka okha, osadutsa m'mutu. Liwiro linali lotani? Lochepa. Wa njinga ankayenda bwanji? Mokhotakhota. Munamva fungo lanji? La mowa. Pomaliza loyayo anamusisita paphewa, nati ndi dalaivala wanzeru.

Atabwerera ku Sunnyside anapeza Roger ali m'garaja, ataima pafupi ndi bampa yatsopano imene amakaniko anaikapo. Mnyamatayo anali ataonda. Chichitikire ngoziyo anali asanagwirenso chiwongolero, ndipo khukhi, wophika wa m'nyumbamo, ankati chakudya chake chimabwerera osakhudzidwa. Anatulutsa ndudu kuti amupatse Friday, kenaka anakumbukira kuti sasuta. Anafunsa m'Chinyanja chothyokathyoka ngati munthu uja anali ndi ana. Friday anati anali nawo, wina ngwa kumsana. Roger anagwedeza mutu, anatsegula pakamwa ngati anenanso kanthu, koma bambo ake anamuitana kuchokera pa khonde, ndipo anapita.

M'mawa wa tsiku la kukhoti Friday anadzuka n'kupeza kanyumba kasintha. Mbale zinali m'dengu, zovala zitamangidwa m'nsalu, mphasa yopinda itatsamira khoma. Annie anali pakhomo akusita malaya ake oyera ndi simbi ya makala.

“Mukupita kuti?” anafunsa Friday.

“Sindikudziwa. Mwina kwa amalume ku Chirimba.” Annie sanadzutse mutu. “Mwakhala mukunena kuti mukuopa nyumba ino. Ndiye ndamanga akatundu kuti musaiopenso. Mukakanena zoona, atithamangitsa, ndipo akatundu ndi awa, amangidwa kale. Mukakanena bodza, ine ndinyamukabe, chifukwa mwana ali m'mimbayu sindingamuberekere m'nyumba imene talipira ndi dzina la Lucius.”

“Mukuganiza kuti ine ndikugona tulo?”

“Ndikudziwa kuti simukugona. Ndimagona pambali panu.” Anaimika simbi, namupatsa malaya akali otentha. “Sindikukuuzani zokanena, bambo a Marjorie. Inu ndi amene munalipo.”

Khoti linali lodzaza mbali imodzi yokha. Kumabenchi akumbuyo kunakhala anthu a mpingo, amayi atavala zoyera za chigwirizano, Salome ali pakati pawo. Kutsogolo kunali Bwana Tindall, dona, Roger ndi loya wawo. Roger anayamba ndiye. Analankhula motsitsa, akuyang'ana manja ake, ndipo womasulira ankatembenuzira m'Chinyanja mawu ake onse: kuti ankayenda bwinobwino, kuti wa njinga anakhotera pakati pa msewu mosayembekezeka, kuti zinkaoneka ngati munthuyo walawa. Kumabenchi akumbuyo kunamveka kung'ung'udza, koma a Peterson anakweza dzanja kuti anthu adekhe. Onse ankadikira mboni yawo.

Friday anagwira Baibulo n'kulumbira. Loya wamfupi uja anaimirira akumwetulira, namufunsa dzina, ntchito, ndi pamene anakhala m'galimoto. Kenaka anafunsa za liwiro.

Yankho limene analoweza linali kale pa lilime. Friday anayang'ana kumbuyo. Salome anali atasendera kutsogolo kwa benchi, akumuyang'ana ndi nkhope yoyembekezera zabwino, ngati munthu amene waona m'bale wake akutsika basi. Phazi la Friday linagunda thabwa la bokosi la mboni mpaka phokoso linamveka m'khoti monse.

“Galimoto inkathamanga kwambiri,” anatero. “Singano inali itapitirira mamailosi makumi asanu ndi awiri. Ndinawauza Bwana Roger kuti achepetse, anaseka. Lucius anali m'mphepete mwenimweni, ankayenda mowongoka. Galimoto ndi imene inamutsata.”

Womasulira anazengereza pang'ono asanatembenuze. Atamaliza, dona anatseka pakamwa ndi mpango, Roger anaweramitsa mutu mpaka pa maondo. Kumbuyo mayi wina anati ameni.

Loya uja sanakwiye. Anatsegula chikwama chake, natulutsa sitetimenti ya kupolisi ija, n'kufunsa Friday ngati siginecha ili pansipo ndi yake. Friday anavomera. Loyayo anapempha kuti iwerengedwe yonse mokweza, ndiponso imasuliridwe, kuti aliyense amve. Womasulira anawerenga mzere ndi mzere, ndi mawu opanda moyo: kuti ine Friday ndinaona wa njingayo akuyenda mokhotakhota, kuti anadzilowetsa yekha kutsogolo kwa galimoto, kuti pamene ndinamunyamula ankanunkha mowa kwambiri.

Friday sanafune kuyang'ana kumbuyo, koma anayang'ana. Salome sanalire. Nkhope yake inangotsekeka pang'onopang'ono, ndipo anabwerera m'mbuyo n'kutsamira benchi. A Peterson anavula magalasi awo n'kuwagwira m'manja.

“Ndiye tiuzeni,” anatero loya kudzera mwa womasulira, “munanama tsiku liti? Tsiku lija, kapena lero?”

“Tsiku lija.”

“Chifukwa chiyani?”

“Bwana anandiuza zonena. Ndinaopa ntchito.”

Loyayo anatembenukira kwa majisitireti n'kutambasula manja. Anati munthu amene wavomera yekha kuti amanama akaopa, akhozanso kunama anthu a mpingo wake akamupanikiza, ndipo anthuwo ndi awo adzaza kumbuyoko. Loya wa Salome anayesa kutsutsa. Anapempha kuti apolisi anene kutalika kwa mizere ya matayala pa phula, koma wapolisi anati mvula inagwa asanapime. Mwezi umenewo kunali kusanagwe mvula, ndipo aliyense m'khotimo ankadziwa, koma palibe amene anafunsa.

Majisitireti analemba kwa kanthawi, kenaka anawerenga. Anati mboni ya malilime awiri khoti silingaidalire, kotero umboni wonse wa Friday, woyamba ndi wachiwiri womwe, autaya. Umene watsala ndi wa woyendetsa galimoto, mnyamata wa mbiri yabwino. Imfayo inali ngozi, ndipo zikuoneka kuti womwalirayo anaichititsa yekha, mwina chifukwa cha chakumwa. Anachenjeza Friday kuti ali ndi mwayi kuti sakumutsekera. Zonse zinatha nthawi ya chakudya cha masana isanakwane.

Panja anthu a mpingo anamupatukira ngati akupatukira chithaphwi. Palibe amene anamutukwana. Annie yekha ndi amene anabwera kudzaima pambali pake. Atafika ku Sunnyside anapeza akatundu awo ali kale kunja kwa geti, mlonda ataima pafupi, akupepesa kuti wangotumidwa. Anasenza n'kuyenda wapansi mpaka ku Chirimba, Marjorie atanyamula ketulo.

Masiku otsatira nkhani zinkawapeza komweko. Loya wa Salome anati popanda chigamulo chowakomera palibe chimene angapemphe ku kampani, ndipo anasiya. Roger anakwera ndege kubwerera ku Salisbury. Friday anazungulira m'magaraja ndi m'makampani a malole, koma kulikonse akangotchula dzina ankamuuza kuti malo adzaza. Kutchalitchi anasiya kupita. Ankakhala kuseri kwa nyumba ya amalume a Annie, akuyang'ana phiri la Ndirande, osalankhula ndi munthu.

Tsiku lina a Peterson anafika pa njinga. Sanalowe m'nyumba, sanakhalenso pansi. Anangonena kuti Salome akubwerera kumudzi pa sitima ya Lachisanu m'mawa, ndipo wati Friday akapezeke pa siteshoni ya Limbe. Friday anafunsa chimene akumufunira. A Peterson anati iwo sanauzidwe, n'kukwera njinga yawo.

Lachisanulo Friday anapita ndi Annie. Pa siteshoni panali piringupiringu, amayi a mitolo, asilikali opita kutchuthi, ogulitsa nthochi. Salome anali pafupi ndi mabogi a anthu akuda kumapeto, mwana kumsana, ana ena awiri atagwira nsalu yake. Pambali pake panali bokosi lachitsulo ndi njinga ija, gudumu lakumbuyo litapindika ngati mbale yopondedwa. Apolisi anali atamubwezera.

Friday anaima patali pang'ono n'kuvula chipewa. Anayamba kupepesa, koma Salome anamudula. Anamuuza kuti akweze bokosi ndi njingayo m'sitima. Iye anakweza, n'kutsikanso, n'kuima pamene anaima poyamba.

“Achimwene,” anatero Salome. Mawu ake anali ouma, osakwera. “Chipepeso chapita, ndipo sindikulirira chimenecho. Ndikalima. Koma mbiri inafika kale kumudzi kuti Lucius anafa ataledzera, kuti khoti la boma latero. Bambo ake anasiya kupita kutchalitchi ndi manyazi. Abale ake akuti ine ndinkabisa khalidwe lake. Ana awa akakulira kumeneko, akumva zimenezo.”

“Ndinanena zoona pamaso pa majisitireti, mlongo wanga.”

“Munanena mochedwa, ndiponso munauza anthu amene sankafuna kumva. Amene akufuna kumva ali ku Port Herald. Ine ndikakanena sakandikhulupirira, poti sindinalipo. Inu munalipo.” Analoza chitseko cha bogi ndi mutu. “Kwerani. Mukaime pabwalo pa bambo ake, abale onse atakhala pansi, mukanene zonse. Za liwiro, za mmene anafera, ndi za bodza lanu lomwe. Musakasiyeko kanthu.”

Friday anadziwa tanthauzo lake. Mudzi wa kwawo kwa Lucius unali woyandikana ndi wa kwawo. Pabwalo limenelo padzakhala anthu amene anamuona akukula, ndipo zimene akanene zikafika kwa mayi ake omubereka dzuwa lisanalowe. Anatembenukira kwa Annie. Mkazi wakeyo anali atagwira mimba yake ndi dzanja limodzi, maso ali ndi misozi, koma anamuchotsera chipewa m'manja n'kumuveka kumutu, nati iye ndi Marjorie akhala bwino kwa amalume, apite akagule tikiti sitima isanamusiye.

Belu linalira. Friday anakwera sitima itayamba kale kusuntha, ndipo malo okhawo amene anapeza anali pa benchi yoyang'anizana ndi Salome. Mayiyo anatembenukira ku zenera, osamuyang'ananso. Nyumba za Limbe zinayamba kutsalira m'mbuyo, kenaka minda ya fodya, kenaka mitengo yokhayokha.

Mwana wamkulu wa Lucius, mtsikana woyamba kumene sukulu, ankamuyang'anitsitsa osaphethira. Anali ndi mphumi ya bambo ake ndi makutu a bambo ake. Patapita nthawi anatsika pa benchi n'kudzaima pakati pa maondo a Friday.

“Amayi akuti inu munawaona bambo pomaliza,” anatero.

“Ndinawaona.”

“Ananena chiyani?”

Salome sanatembenuke, koma dzanja limene linkasisita mwana wakhanda linaima. Friday anazindikira kuti bwalo lija layamba kale, ndipo sayembekezera kufika ku Port Herald. Anamunyamula mtsikanayo n'kumukhazika pambali pake.

“Sanathe kulankhula, mwanawe,” anatero. “Koma ndikuuza zonse zimene ndinaona. Bambo ako ankachokera kuntchito, ndipo ankayenda kumbali kwawo kwa msewu.”